Mkeka ndi Tsamba la pa Intaneti: Mmisiri Ayambire Pati?

Munthu wogula mkeka pa msika wa Ngabu kapena wa Nchalo sathamangira kutulutsa ndalama. Amayamba waufunyulula, nauyala pansi, napititsa chikhatho chake pamwamba pake kuti amve ngati milaza yake inang'ambidwa mofanana. Kenaka amautembenuza kuti aone kumsana kwake, pakuti kumeneko ndiko kumene msoko umaonekera, ndipo mmisiri waulesi sangabiseko ulesi wake. Mawanga ofiira ndi obiriwira amakopa maso munthu ali patali, koma chimene chimagulitsa mkeka ndi chakuti wogonapo asamve kulasa, ndiponso kuti usamasuke m'mphepete pamene ukupindidwa ndi kufunyululidwa tsiku ndi tsiku.

Wogula yemweyo masiku ano amakhala ndi foni m'thumba mwake, ndipo mwina asanachoke pamsikapo atsegula tsamba la pa intaneti kuti aone zotsatira za mayeso a mwana wake, mtengo wa thonje kapena za nyengo ya mawa. Tsamba limenelo silinangomera lokha ngati bowa. Alipo munthu amene anakhala pansi naganiza kuti mawu awa akhale pamwamba, awa pansi, zilembo zikule chotere, ndipo podina pakhale apa. Ntchito imeneyi ndi umisiri, monga ulili umisiri woluka, wosema ndi woumba, ndipo achinyamata ena m'Malaŵi muno ayamba kudyerapo. Funso limene limavuta onse, ngakhale amene anakhwima nayo ntchitoyi, ndi lakuti: kodi maganizo a tsamba labwino amachokera kuti, nanga mmisiri ayambire pati? Chigwa cha Shire, ndiye kuti maboma a Chikwawa ndi Nsanje, ndi malo abwino ofunsirako funsoli, chifukwa kumeneko kuli amisiri akale oti nkuphunzirako, ndiponso kuli zovuta zimene zimayesa tsamba lililonse mosanyengerera.

Masamba a pa intaneti anayamba ndi Mngelezi wina dzina lake Tim Berners-Lee, amene ankagwira ntchito ku CERN, malo ofufuzirako za sayansi pafupi ndi mzinda wa Geneva ku Switzerland. M'chaka cha 1989 iye analemba maganizo ake a momwe zolembedwa za m'makompyuta osiyanasiyana zingalumikizidwire, ndipo pofika 1991 tsamba loyamba linali litatsegulidwa kwa anthu onse. Linalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Munali mawu okhaokha, ena mwa iwo odinika kuti aperekeze munthu ku tsamba lina. Dzina limene anapatsa ntchito yakeyo, World Wide Web, limanena za ukonde wonga wa kangaude woyalidwa pa dziko lonse. Komatu chibale cha kuluka ndi makompyuta sichinayambire pa dzinalo. Ku Lyon, m'dziko la France, Joseph Marie Jacquard anakonza m'chaka cha 1804 makina oombera nsalu amene ankatsata makadi obooledwa: pamene pali chibowo ulusi ukwere, pamene palibe ukhale pansi, ndipo maluwa a pansaluyo ankatuluka monga momwe makadiwo analamulira. Charles Babbage, pokonza mapulani a makina ake owerengera m'zaka za m'ma 1830, anabwereka nzeru ya makadi omwewo. Kotero wokonza masamba akapita kukaphunzira kwa oluka, wapita kwa akuluakulu a ntchito yake yomwe.

Chigwa cha Shire chinali ndi oomba nsalu ake. Pamene David Livingstone anakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, nafika kwa Chibisa pafupi ndi Chikwawa, anapeza Amang'anja akulima thonje, kupota ulusi ndi kuomba nsalu m'midzi mwawo. M'buku lake la ulendo wa ku Zambezi, limene linatuluka m'chaka cha 1865, anatchula thonje la manga, lochokera kunja, la ulusi wautali ndi wofewa, ndi thonje la kaja, la komweko, la ulusi waufupi wonga ubweya. Iye, pokhala mlendo woganizira mafakitale a kwawo, anatamanda loyambalo. Koma anaonanso kuti eni ake ambiri ankakonda lachiwirilo, popeza nsalu yake inali yolimba. Nsalu zimenezi, zotchedwa machila, zinkagulitsidwa mpaka ku Zambezi. Umisiriwu unafota ndi nkhondo zogwira akapolo, njala ya 1862 ndi 1863, ndipo pambuyo pake nsalu zotsika mtengo za m'mafakitale akunja zinautsiriza, thonje la m'chigwa nkusanduka mbewu yongogulitsa. Koma kasankhidwe ka woomba uja nkofunika kukakumbukira. Iye sanafunse kuti thonje lotchuka ndi liti. Anafunsa kuti nsaluyo akavala ndani, ndipo akagwira nayo ntchito yanji.

Kuomba nsalu kunatha, koma kuluka mikeka kulipobe, ndipo kagwiridwe kake ka ntchito kakhoza kuonedwa ndi aliyense. Woluka amadula nsonga zanthete za mlaza, naziyanika, nazing'amba timizere tofanana m'lifupi, ndipo tina amatiwiritsa mu utoto. Saluka mkeka wonse nthawi imodzi ayi. Amaluka lamba mmodzi wautali, wa m'lifupi ngati zala zitatu kapena zinayi, namamukulunga pamene akutalika. Pambuyo pake ndi pamene amasoka lambayo mphepete ndi mphepete kufikira mkeka utakwana. Mawanga onse amene wogula amawasirira amachokera m'kuwerenga: kamzere aka kadutse pamwamba pa tiwiri, kalowe pansi pa tiwiri, kofiira kabwere pakatha toyera tingapo. Akalakwitsa kuwerenga poyamba, cholakwacho chimadzaonekera pamene malamba akumana, ndipo palibe mankhwala ena koma kumasula.

Tsamba la pa intaneti limamangidwa chimodzimodzi. Pali chiyankhulo cha makompyuta chotchedwa HTML, chimene chimanena chimene chinthu chili: uwu ndi mutu, iyi ndi ndime, ichi ndi chithunzi, apa ndi podina. Palinso CSS, imene inavomerezedwa m'chaka cha 1996, ndipo imeneyi imanena za maonekedwe: mtundu wa zilembo, kukula kwake, ndi mipata yapakati. HTML ndiyo mlaza ndi msoko, CSS ndiyo utoto. Mmisiri wokhwima amakhazikitsa malamulo ochepa kamodzi kokha, monga kalembedwe kamodzi kapena kawiri ka zilembo, mitundu itatu ndi mipata yofanana, ndipo amabwereza zomwezo pa tsamba lililonse monga lamba wa woluka uja. Wophunzira ndiye amafuna kuonetsa utoto wonse umene ali nawo, mpaka tsamba kuoneka ngati sitolo ya nsalu itagwa mashelefu. Mkeka wosanyikidwa mu utoto umagonekabe munthu. Momwemonso tsamba lomangidwa bwino limawerengekabe ngakhale zokongoletsa zake zitalephera kufika, ndipo pa netiweki yofooka zimenezi zimachitikadi.

Nanga maganizo atsopano amachokera kuti? Ena amayesa kuti amangofika okha munthu atakhala phee, monga maloto. Chitsanzo cha fumba chikusonyeza zina. Anthu a ku Zambezi ndi kumunsi kwa Shire, makamaka apaulendo a m'mabwato, ankatenga mikeka iwiri ya mlaza naisoka pamodzi mbali zitatu, mbali yachinayi nkuisiya yotsegula. Usiku munthu ankalowamo, ndipo chinthu chimodzi chomwecho chinali chogonera, chofunda ndi chotchinjiriza udzudzu. Kukacha ankachipinda nachiponya m'bwato. Fumba silinalotedwe. Linabadwa ndi udzudzu wa m'madambo, mame a m'mphepete mwa mtsinje ndi kuchepa kwa malo m'bwato. Amene analiganiza anali atalumidwa yekha.

Apa ndi pamene amisiri ambiri a masamba amasokerera. Alipo masamba okonzeratu zikwizikwi, monga amene amabwera ndi WordPress, pulogalamu imene inayamba m'chaka cha 2003, ndipo munthu akhoza kungosankha limodzi nalowetsamo mawu ake. Kutero si tchimo, pakuti ngakhale woluka sapeka msoko watsopano pa mkeka uliwonse. Vuto ndi lakuti masamba okonzeratuwo anapangidwira anthu ena, a kwina. Ndicho chifukwa chake munthu amatsegula tsamba la bungwe lothandiza alimi napeza chithunzi chachikulu cha anthu osadziwika akumwetulira mu ofesi ya ku Ulaya, pansi pake mawu aakulu a Chingelezi osanena kanthu, pamene mtengo wa mbewu, umene iye anabwerera, wabisika mkati mwa masamba atatu. Mmisiri amene anakonza zimenezi anazikonzera ku Blantyre, pa kompyuta ya galasi lalikulu ndi intaneti yothamanga, ndipo kwa iye zonse zinaoneka bwino. Akanatsika phiri la Thabwa, nawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, akanaona zina.

Akanaona olemba zikwangwani a pa Nchalo ndi Bangula, amene amadziwa kukula kwa chilembo chimene munthu angachiwerenge ali m'basi yoyenda, ndiponso kuti utoto wachikasu suoneka pa khoma loyera. Akanaona zitenje za amayi, zimene maluwa ake amabwerezedwa mwanzeru kotero kuti chitenje chikadulidwa pena paliponse chimaonekabe chathunthu. Luso limeneli lakhala likugwiritsidwa ntchito ku fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre kuyambira zaka za m'ma 1960. Akanaphunziranso kuti mitundu ili ndi matanthauzo ake kwa eni dera. Mabuku a kunja amati mtundu wakuda ndi wa maliro kapena wa katundu wapamwamba, koma ku Khulubvi, ku kachisi wa Mbona m'boma la Nsanje, nsalu yakuda ndi yolemekezeka, yogwirizana ndi mitambo ya mvula. Amisiri ambiri amayenda ndi kabuku kojambulamo zotere, osati kuti akazikopere, koma kuti akafunse chifukwa chimene zimagwirira ntchito. Kusiyana kwa kuphunzira ndi kuba kuli pomwepo. Kutenga chithunzi kapena chojambula cha mwini wake popanda chilolezo ndi mlandu pa lamulo la 2016 loteteza ntchito za luso, limene bungwe la COSOMA limayang'anira.

Woluka sakangana ndi mlaza. Amadziwa pamene umapindika ndi pamene umathyoka. Mlaza wa wokonza masamba ndiwo foni ya wowerenga, netiweki ya kwawo ndi ndalama za m'thumba mwake. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 560,000 ku Chikwawa ndi pafupifupi 300,000 ku Nsanje, ndipo mwa iwo amene amafika pa intaneti, ambiri amafikapo ndi foni, osati kompyuta. M'chaka cha 2010 mmisiri wina wa ku America, Ethan Marcotte, anafotokoza njira yomangira tsamba limodzi lotha kudzipinda kapena kudzitambasula molingana ndi galasi limene likuonekerapo. Amisiri anzeru amapitirira pamenepo: amayamba kukonzera galasi laling'ono, popeza malo akachepa munthu amakakamizika kusankha chofunika, ndipo galasi lalikulu amaliganizira pambuyo.

Nkhani ya ndalama imamveka bwino ndi masamu ochepa. Chilembo chimodzi chimalemera bayiti imodzi. Nkhani ya mawu 2,500 a Chicheŵa imalemera pafupifupi makilobayiti 20. Chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi foni yamakono, chikaikidwa pa tsamba osachepetsedwa, chikhoza kulemera mamegabayiti 3, ndiye kuti makilobayiti 3,000, kulemera kwa nkhani zoterezi 150. Tsono mmisiri akaika zithunzi zisanu zotere pa tsamba loyamba, wadya bandulo ya mlimi asanamuuze kalikonse, ndipo kwa Nyachikadza kapena kwa Chapananga, kumene netiweki imabwera nkupita, tsambalo mwina silitseguka nkomwe. Chithunzi chomwecho chikhoza kuchepetsedwa kufika pansi pa makilobayiti 100 diso osaona kusiyana kwenikweni pa galasi la foni. Ndi ntchito ya mphindi zochepa, koma imaiwalika chifukwa amene amalipira si amene amakonza.

Palinso dzuwa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kwa m'chigwa kumapitirira madigiri 40, ndipo kuwala kwake kumachita kuthobwa m'maso. Zilembo zotuwa zopyapyala pa malo oyera, zimene zimaoneka zaulemu mu ofesi ya makatani, zimazimiririka kotheratu munthu akaima pa depoti masana. Bungwe la W3C, limene limakhazikitsa malamulo a masamba a pa intaneti, linatulutsa m'chaka cha 1999 malangizo othandiza kuti masamba athe kugwiritsidwa ntchito ndi anthu osaona bwino ndi aulumali wina, ndipo mwa zina malangizowo amafuna kuti zilembo zisiyane kwambiri ndi malo amene zalembedwapo. Zimene zinalembedwera ovutika maso zimathandizanso wamaso abwino amene waima padzuwa, ndiponso amene galasi la foni yake linasweka.

Chiyankhulo ndi mbali imene imafuna kudekha koposa. Kutanthauzira mawu a Chingelezi limodzilimodzi kumabala zinthu zoseketsa: pa masamba ambiri mawu akuti Home amatanthauza tsamba loyamba, ndipo wolemba kuti “Kunyumba” wasokeretsa owerenga onse. Mawu a Chicheŵa ndi aatali, kotero podina pamene panakonzedwera zilembo zinayi sipakwana “Tumizani”, ndipo mmisiri ayenera kusiyiratu malo. Ulemu nawo ndi mbali ya kamangidwe. Tsamba limene limauza munthu wamkulu kuti “Lemba dzina lako” lamunyoza asanayambe. Loyenera ndi “Lembani dzina lanu”. Ndiponso m'chigwa muli Chimang'anja ndi Chisena, ndipo Msena amene amati pinthu m'malo mwa zinthu, takhuta m'malo mwa zikomo, amamva Chicheŵa cha kusukulu, koma uthenga wa moyo ndi imfa umamufika msanga m'chiyankhulo cha kwawo.

Ngakhale kachilembo kamodzi kali ndi nkhani yake. Chilembo cha ŵ, cha m'dzina la Malaŵi, sichipezeka m'mitundu ina ya zilembo za pa kompyuta, ndipo mmisiri akasankha mtundu wotere, pamalo pake pamatuluka kabokosi kapena chilembo chachilendo chosafanana ndi zinzake. Pa uthenga wa SMS vuto lake ndi lina. Uthenga umodzi umanyamula zilembo 160, koma ŵ sali pa mndandanda wa zilembo wamba za SMS, ndipo akalowamo mmodzi yekha malirewo amatsika kufika pa 70, uthenga nkugawika pawiri kapena patatu, mtengo wake nkukwera. Mafomu nawo amaulula msanga mmisiri amene sanafike kumudzi. Amafunsa nambala ya nyumba ndi dzina la msewu, pamene munthu wa kwa Tengani kapena kwa Makhuwira amadziwika ndi mudzi, gulupu ndi mfumu yaikulu. Amakakamiza imelo kwa munthu amene alibe, pamene ali ndi nambala ya foni ndi chiphaso cha unzika chimene anthu analembetsa m'chaka cha 2017. Amaiwalanso kuti foni imodzi ikhoza kukhala ya banja lonse, mwinanso ya nyumba zingapo.

Zonsezi zikhoza kuoneka ngati zazing'ono kufikira tsiku limene madzi abwera. Mu Januwale 2015 madzi osefukira anamiza midzi yambiri m'maboma awiriwa, ndipo Makhanga anasanduka chilumba chofikako ndi maboti ndi helikoputala zokha. Namondwe wa Idai anabwera mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022, ndipo wa Freddy mu Malichi 2023. Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, kotero kuti anthu ambiri analibe ndi potchajira foni pomwe. Chimene chimapangitsa chenjezo kukhala lofunika kwambiri m'chigwa ndi chakuti madzi ake kawirikawiri amachokera kutali. Mvula ikagwa ku Mulanje ndi ku Thyolo, Ruo amadzaza. Ikagwa ku mapiri a kumadzulo, mtsinje wa Mwanza umatsika ndi mkokomo. Ndipo munthu wa kumunsi akhoza kuona kumwamba kuli mbee pamene madzi ali m'njira.

Tsamba lochenjeza za madzi liyenera kuyankha mafunso anayi munthu asanasunthe chala: kuti, liti, achite chiyani, ndipo apite kuti. Mbiri ya bungwe, zithunzi za akuluakulu ake ndi mayina a othandiza ndi ndalama zikhoza kudikira pansi. Kunena kuti kugwa mvula ya mamilimita akutiakuti ndi chiyankhulo cha akatswiri a ku nthambi yoona za nyengo. Mayi wa ku Muona akufuna kumva ngati asamutse ana ndi mbuzi usiku uno kapena adikire mawa. Pa mitsinje ina ya m'chigwa pali mizati yoyezera madzi yopakidwa mitundu itatu, wobiriwira pansi, wachikasu pakati ndi wofiira pamwamba, ndipo anthu a kumtunda akaona madzi afika pofiira amaimbira foni anzawo a kumunsi, amene amachenjeza mudzi ndi malikhweru, ng'oma kapena zimkuzamawu. Mmisiri wanzeru amabwereka mitundu yomweyo ndi matanthauzo omwewo, popeza anthu anaizolowera kale, m'malo mopeka yake. Koma saima pa mtundu wokha, chifukwa alipo anthu, makamaka amuna, amene maso awo sasiyanitsa chofiira ndi chobiriwira. Amalembanso mawu akuti “Samukani tsopano”. Ndipo popeza anthu amajambula tsamba ndi kutumizirana chithunzi chake pa WhatsApp, tsiku, nthawi ndi dzina la nthambi yochenjezayo ziyenera kukhala pafupi ndi uthengawo, kuti zilowe nawo m'chithunzicho. Chenjezo lopanda tsiku limadzazungulanso chaka chotsatira, nkuthamangitsa anthu pachabe, ndipo anthu othamangitsidwa pachabe kawiri sathamanga kachitatu.

Nthawi zina yankho loona la mmisiri ndi lakuti tsamba silikufunika nkomwe. Anthu ambiri m'chigwa ali ndi mafoni a mabatani, ndipo amatumiza ndalama poimba *211# kapena *444#, natsata manambala mzere ndi mzere popanda chithunzi chilichonse. Mizere imeneyo nayonso inakonzedwa ndi amisiri, ndipo imafika kumene masamba okongola safika. Wailesi imafika patali koposa. Kuuza wolemba ntchito kuti ndalama zake zikagwira bwino pa SMS ndi pa wailesi kusiyana ndi pa tsamba kumafuna mtima, chifukwa mmisiriyo akudzichotsera yekha malipiro.

Tsamba likafunikadi, dongosolo la ntchito limayamba ndi makutu. Mmisiri amakhala ndi anthu amene adzaligwiritse ntchito, nawafunsa momwe amapezera uthengawo lero, kwa yani, ndipo chimawavuta nchiyani. Kenaka amatenga pepala ndi pensulo, osati kompyuta, najambula timabokosi tofanana ndi galasi la foni. Pepala ndi labwino chifukwa silipweteka kuling'amba. Munthu amene watha milungu itatu akukongoletsa tsamba pa kompyuta amayamba kuliteteza ngati mwana wake, ngakhale litalakwika. Amajambula njira zitatu kapena zinayi zosiyana, popeza ganizo loyamba kawirikawiri limakhala chinthu chimene anachiona kwina dzulo.

Pambuyo pake pamabwera kuyesa. Katswiri wina, Jakob Nielsen, analemba m'chaka cha 2000 kuti anthu asanu okha amakwanira kuulula zolakwa zambiri za tsamba, ndipo nkwabwino kuyesa kangapo ndi anthu ochepa kusiyana ndi kuyesa kamodzi ndi chikhamu. Zimenezi zikhoza kuchitikira pansi pa mtengo wa nimu pa Bangula, pa mafoni a anthuwo eni ake, osati pa foni yodula ya mmisiri. Koma pali msampha umene mabuku a kunja saunena mokwanira. Anthu a kuno ndi aulemu kwa mlendo, ndipo akafunsidwa ngati tsamba lili bwino amayankha kuti, “Lili bwino ndithu, achimwene,” ngakhale sanamvepo kanthu. Kotero mmisiri safunsa ngati lakongola. Amati, “Bambo, tapezani pamene alemba za mtsinje wa Ruo,” ndiye amatseka pakamwa, napinda manja, nayang'ana. Chala chikazengereza, chikadina polakwika, kapena bamboyo akapatsira foni kwa mdzukulu wake, cholakwa ndi cha tsamba, ndipo mmisiri amabwerera kukamasula monga woluka uja. Kukhala chete pa nthawi imeneyo nkovuta kwambiri, chifukwa mtima umafuna kuloza kuti, “Si apa kodi?”

Chotsalira ndi chimene chimapha masamba ambiri m'dziko muno, ndicho kusowa woyang'anira. Tsamba limatsegulidwa ndi mwambo ndi zolankhula, ntchito ya chitukuko imene inalilipira nkutha, amene ankadziwa mawu achinsinsi olowera nkusamuka. Dzina la tsamba, kaya lothera ndi .mw kaya lina, limafuna kulipiridwa nthawi ndi nthawi, ndipo likapanda kulipiridwa tsambalo limazima. Choopsa koposa ndi tsamba limene silinazime koma likusonyezabe mtengo wa thonje wa chaka chatha ngati wa lero. Chifukwa chake mmisiri asanalandire malipiro ake omaliza amagwirizana ndi eni tsamba za udindo wa munthu amene azisintha uthenga, tsiku la pa sabata limene azitero, ndi kumene mawu achinsinsi azisungidwa. Amakonza kuti kusinthako kutheke ndi foni, namuphunzitsa munthuyo kufikira atachita yekha kawiri iye akuonerera. Ndipo pamwamba pa tsamba, pamalo oonekera, amasiya mzere wonena tsiku limene uthengawo unakonzedwa komaliza.